Kadontho kofiira pakati pa mbuu: foni, kamera yakaunjika, app kapena nsalu ya pamsika?

Amene anakwerapo chapa kuchoka ku Ulongué kutsikira ku Tete mwezi wa Okutobala akudziwa mmene dziko limavulira. Mukamayandikira ku Moatize kubiriwira kumakhala kutatha kalekale. Milambe yaima yopanda ndi tsamba limodzi lomwe, matanthwe ali mbuu, tchire lapsa kwangotsala phulusa, kumwamba nako kwaphimbika ndi utsi wa lupsa moti dzuwa likungooneka ngati khobidi. Kenaka m'mbali mwa msewu mwatulukira mayi atasenza chigubu chachikasu. Diso silichita kufunsa, limangothamangira pomwepo.

Mukatulutsa foni n'kujambula, chotuluka chimakhala china. Chigubu chija chachepa ngati nyerere, ndipo kutuwa kuja kwasanduka kwabuluu kapena kwabulawuni. Apa ndi pamene ambiri amayamba kufunsa ngati vuto ndi foni, ngati akufunika kamera, kapena ngati pali app imene anzawo akubisa.

Zoyang'ana musanasankhe

Pali njira zinayi zopezera chithunzi chotere, cha kadontho ka mtundu umodzi pakati pa kutuwa: foni, kamera yakaunjika, app ndi kunyamula mtundu wanu. Njira iliyonse ndaiyeza ndi zinthu zinayi: mtengo wake, ngati ikupezeka kuno kwathu, chisamaliro chimene imafuna, ndi zimene zingakugwereni. Koma musanafike pa zinayizi dziwani kaye kuti kutuwa kwanu n'kotani, chifukwa chigawo cha Tete chili ndi kutuwa kwa mitundu itatu, ndipo uliwonse umazunza chipangizo mwa njira yakeyake.

Woyamba ndi nkhungu ya kumtunda, ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Furancungo, mu Juni ndi Julayi. Imabwera m'mamawa, dzuwa likangolimba yabalalika. Kuwala kwake n'kofewa koma n'kochepa, ndipo chinyezi n'chambiri. Wachiwiri ndi wa kuchigwa cha Zambezi, kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba: fumbi, utsi, milambe ndi miyala, kutentha kukumapitirira madigiri 40. Wachitatu sayendera nyengo: malasha a ku Moatize, simenti ya milatho, malata akale, phulusa la pamoto.

Pali chinanso chimene chipangizo chilichonse chimachita, chotchipa ndi chodula chomwe. Kamera ikamayeza kuwala imaganiza kuti dziko lonse ndi lotuwa mwapakatikati, kutuwa kumene ojambula amati kwa 18 peresenti. Thanthwe kapena khoma la simenti limatuluka bwino chifukwa lili pafupi ndi mlingo umenewo. Nkhungu ndi yoyererapo, ndiye kamera imaidetsa. Mumafunika kuwonjezera kuwala ndi +0.7 kapena +1. Malasha ndi akuda bii, ndiye kamera imawayeretsa mpaka aoneke ngati ufa wa mgaiwa. Pamenepo chepetsani ndi -0.7 kapena -1. Chipangizo chimene sichikulolani kukhudza zimenezi chakumangani kale manja.

Njira yoyamba: foni imene muli nayo kale

Mtengo. Palibe chowonjezera, pokhapokha mutafuna kusintha foni. Mukasintha, musatengeke ndi nambala yaikulu yolembedwa pabokosi. Foni yolembedwa 108 MP, kutanthauza timadontho 108 miliyoni, nthawi zambiri imaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi n'kukupatsani chithunzi cha 12 MP, ndipo ya 50 MP imaphatikiza 4 n'kutulutsa cha 12.5. Chofunsa wogulitsa n'chakuti kodi kamera yake ili ndi Pro, pomwe mungasinthe nokha kuwala ndi white balance, setingi imene imapendeketsa mitundu ku buluu kapena ku chikasu. Ikakhala kuti imasunganso RAW, chithunzi chosapanikizidwa chimene foni sinachikongoletse, ndiye mwapata.

Kupezeka. Tecno, Itel, Infinix ndi Samsung zili paliponse, pamsika wa Kwachena mu mzinda wa Tete, ku Ulongué, ku Zóbuè. Okonza mafoni nawonso sasowa. Pa mfundo imeneyi palibe njira ina yoposa foni.

Chisamaliro. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa musanajambule. Mafuta a zala amachititsa kuti chinthu chofiira chioneke ngati chikutuluka utsi m'mbali. Chinanso ndi kutentha. Apple imanena yokha kuti iPhone inapangidwa kuti izigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo masana a Okutobala ku Tete amadutsa pamenepo. Foni ikatentha nthawi zambiri imachepetsa kuwala kwa sikirini, ina imatseka kamera. Isungeni m'chikwama, osati pa dashibodi.

Zoopsa zake. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Foni inapangidwa kuti izikongoletsa. Ikaona malo otuwa imaganiza kuti pali cholakwika, ndiye imathira mtundu ngati mayi wowonjezera tomato mu ndiwo zosakoma. Ikaona kapulana yofiira psuu yadzaza mbali ina, white balance imayesa kuziziritsa, zotsatira zake miyala yonse imapendekera ku buluu. HDR, setingi yowalitsa malo amdima ndi kutontholetsa owala, nayo imafufuza zobisika mu nkhungu n'kuziulula, pamene inu mumafuna nkhunguyo ibise. Mankhwala ake ndi atatu: zimitsani AI yokongoletsa zithunzi, zimitsani HDR, ndipo mu Pro ikani white balance pa 5500K ngati kuli dzuwa kapena cha pa 6000K mpaka 6500K ngati kuli mitambo. Kenaka dinani pa chinthu chofiiracho n'kutsitsa kuwala pang'ono. Mtundu wofiira ndi umene umayamba kupsa pachithunzi. Ukapsa, makwinya a nsalu ndi mizere ya tomato zimasowa, pamangotsala chibanga.

Vuto lina silichiritsika ndi masetingi. Lenzi yaikulu ya foni imaona motambalala, ndiye chilichonse chakutali chimachepa, ndipo imalowetsa zinthu zimene simunaziitane: jumbo yabuluu, chikwangwani cha M-Pesa, katsamba ka mango. Pa foni wamba kukoka ndi zala kuti muyandikitse n'kungodula chithunzi chomwecho. Zoom yeniyeni ya foni ndi miyendo yanu.

Njira yachiwiri: kamera yakaunjika ndi lenzi yokoka

Ndikunena makamera a DSLR amene eni ake kunja anawasiya atasamukira ku atsopano: Nikon D3100 ya 2010, Canon 600D ndi 1100D za 2011, Nikon D3200 ya 2012. Ndi akale, koma sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi, ndi ya mamilimita pafupifupi 23 kwa 15, kukula kangapo kuposa ya foni wamba, ndipo onse amasunga RAW.

Mtengo. Kamera yokha si imene imapweteka, koma ana ake. Imabwera ndi lenzi ya 18-55mm, imene pa ntchito yathuyi sisiyana kwenikweni ndi foni. Chimene mukuchifuna ndi lenzi yokoka, 55-200mm ya Nikon kapena 55-250mm ya Canon. Imeneyo ndiyo imakulolani kuima tsidya lino la msewu n'kudzaza chithunzi ndi thunthu la mlambe ndi chigubu chimodzi, zotsala zonse kunja. Imapanikizanso mtunda, moti utsi wa pakati pa inu ndi phiri umakhuthala n'kukhala ngati chinsalu chakumbuyo. Onjezanipo batire yachiwiri, memori khadi ndi chikwama. Mukaitanitsa kunja muwerengerenso msonkho wa ku kasitomu, ku Alfândega.

Kupezeka. Simungailowere pamsika monga mugulira foni. Ambiri amaipeza kwa ojambula maukwati amene akusintha zida, m'magulu a malonda a pa Facebook ndi WhatsApp, kapena kwa achibale obwera kuchokera ku Johannesburg. A ku Angónia n'kwapafupi kudumphira ku Lilongwe kudzera pa Calómuè ndi Dedza, a ku Moatize ku Blantyre kudzera pa Zóbuè ndi Mwanza, kusiyana ndi kudikira katundu wa ku Maputo, makilomita oposa 1,500. Wogula Nikon ya mtundu uwu akumbukire kuti thupi lake lilibe injini yozungulitsira lenzi: yang'anani lenzi yolembedwa AF-S, apo ayi muzizunguza ndi dzanja. Funsaninso ngati batire yake ikupezeka, EN-EL14 ya ma Nikon awiriwa, LP-E8 ya 600D, LP-E10 ya 1100D.

Chisamaliro. Chinthu chimene wojambula maukwati sadandaula nacho kwambiri, inu chidzakusowetsani tulo: fumbi la pa sensa. Pachithunzi chodzaza anthu ndi maluwa kafumbi sikaoneka. Pa nkhungu yosalala kapena pa thambo lotuwa kamaoneka ngati ntchentche mu mkaka, ndipo kamapikisana ndi kadontho kanu kofiira. Musanagule, chepetsani bowo la lenzi poika kamera pa f/16 kapena f/22, jambulani thambo kapena khoma loyera, n'kukulitsa chithunzicho. Madontho onse adzaonekera. Musasinthe lenzi panja ku Moatize kapena m'mbali mwa msewu wa EN7 pamene matiraki akudutsa. Lowani m'nyumba, kamera iyang'ane pansi. Nthawi ya dzinja mdani amasintha, amakhala nguwi yomera m'kati mwa galasi. Ine ndinagulapo lenzi kwa munthu wina madzulo, kuwala kuli kochepa, ndipo m'mawa nditaunika ndi tochi ndinapeza timizere ngati ukonde wa kangaude. Ndalama sinabwerere. Isungeni m'bokosi lotseka bwino limodzi ndi timatumba ta silika timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Mukachokera m'nkhungu yozizira musaitulutse m'chikwama nthawi yomweyo m'chipinda chofunda, imachita thukuta.

Funsaninso kuti kamerayo yajambula kangati. Shatala, kachitseko kotsegukira kuwala pojambula, ya D3100 ndi D3200 inayesedwa kufika pa zithunzi 100,000. Ya wojambula maukwati itha kukhala itayandikira pamenepo. Ikawonongeka, wokonza mafoni wa pakona si woipatsa.

Anthu amalimbikitsanso galasi lotchedwa polarizer, la 52mm pa lenzi wamba ya Nikon ndi 58mm pa ya Canon. Limachotsa kunyezimira pa pulasitiki ndi pa masamba, chikasu cha chigubu n'kukhwima. Koma limadya kuwala, mu nkhungu silithandiza kanthu, ndipo limakonda kubweza buluu wa kumwamba, kutanthauza mtundu wachiwiri umene simunaufune. Ine ndimaliona ngati chinthu chogula pomaliza.

Zoopsa zake. Foni palibe amene amaicheukira, koma kamera yakuda ya lenzi yaitali imaitana mafunso. Mlatho wa Samora Machel, womwe unatsegulidwa mu 1973, ndi wa Kassuende wa 2014, damu la Cahora Bassa ku Songo, migodi ndi zipata za malire ndi malo otuwa okongola zedi, komanso ndi malo olonderedwa. Pemphani chilolezo kaye, ndipo akakana pitirirani. Ku migodi yunifomu ya olenji pakati pa malasha imakoka mtima, koma malowo ali ndi eni ake ndi malamulo awo.

Choopsa chachikulu n'chakuti lenzi yaitali imaphunzitsa kuba. Mutha kujambula munthu iye osadziwa, ndipo mukazolowera mumaiwala kuti chigubu chija chili pamutu pa mayi wa munthu. Kuyandikira n'kupereka moni sikudula: "Zikomo amayi, mwaswera bwanji? Chigubu chanuchi chandikongolera pamalo pano, mungandilole ndikujambuleni?" Akavomera aonetseni chithunzicho. Ana musawajambule makolo awo asanavomere. Za Gule Wamkulu ndiye zimafuna ulemu woposa. Chigoba chofiira pa thupi lopakidwa phulusa kapena dothi ndicho chithunzi chimene aliyense wokonda nkhaniyi amalota, ndipo gule ameneyu UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kulengezedwako sikunamusandutse wa aliyense. Pabwalo yambani mwaonana ndi a mfumu ndi akuluakulu a mudzi. Kudambwe ndi kumanda kamera isayandikire n'komwe.

Njira yachitatu: kufufuta mitundu ndi app

Iyi ndi ija mumaiona pa Facebook, chithunzi chonse chakuda ndi choyera koma duwa kapena diresi yokha ili psuu.

Mtengo. Snapseed ya Google ndi yaulere. Lightroom ya pafoni ili ndi mbali yaulere yokulolani kutsitsa mtundu umodziumodzi, koma zida zosankhira mbali imodzi ya chithunzi n'zolipira mwezi ndi mwezi.

Kupezeka. Mukufunika bandulo yoitsitsira kamodzi kokha, kaya ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ndi malo m'foni. Ikatsika, Snapseed imagwira popanda intaneti.

Chisamaliro. Sungani chithunzi choyambirira osachikhudza. JPEG mukaisunga mobwerezabwereza imataya zina ulendo uliwonse, ndipo malo oyamba kuonekera ndi osalala aja: nkhungu imayamba kuoneka mizeremizere ngati makwerero.

Zoopsa zake. Ndinene mosabisa, pa njira zinayizi iyi ndi imene ndimaikhulupirira pang'ono. Kutuwa kwachilengedwe si kusowa kwa mtundu. Khungwa la mlambe lili ndi kufiirira kobisika, nkhungu ya m'mawa ili ndi kabuluu, phulusa lili ndi kachikasu. Tinthu timeneti ndi timene timachititsa kuti diso likhulupirire. Komanso chinthu chofiira chimathira kuwala kwake pa zoyandikana nacho, pa khoma, pa chibwano cha wochivala. Mukafufuta zonsezo, diresi imaoneka yomata ndi ulimbo, ndipo khungu la munthu limatuwa ngati wangotuluka m'chipatala. Ngati chithunzicho n'cha nkhani kapena cha mpikisano wa zithunzi zoona, kusintha kotere kungachichotsetse.

App ili ndi ntchito yake yabwino, yaing'ono. Kachitsamba kobiriwira pakona mutha kukatontholetsa potsitsa saturation, kukhwima kwa mtundu, ndi 10 kapena 20 pamalo pokhapo, kufafaniza kadontho ka fumbi, n'kuwongola white balance imene foni inapotoza. Pamenepo ikuthandiza chithunzi chimene chinalipo kale.

Njira yachinayi: kunyamula mtundu wanu

M'malo modikira kuti mayi wa chigubu adutse, mumapita nacho nokha chinthu cha mtunduwo: duku, ambulera, beseni la tomato wa ku Angónia, njinga yopentedwa, n'kutenga mlongo wanu kapena mnzanu akaime pamene mukufuna.

Mtengo. Wa nsalu imodzi, kapena ulele ngati mwabwereka kwa azakhali. Wokuimirani mum'gulire chakumwa ndi kum'lipirira chapa.

Kupezeka. Msika uliwonse. Chovuta n'chakuti kapulana zambiri zimakhala ndi mitundu inayi kapena isanu, ndipo zikafika pachithunzi zimalankhula zonse nthawi imodzi. Funani nsalu ya mtundu umodzi kwa atelala kapena pakaunjika. Pa nkhungu yopendekera ku buluu, chikasu ndi olenji zimaima bwino. Pa phulusa ndi miyala ya kuchigwa, yomwe ili kale ndi kabulawuni, chofiira chokhwima kapena buluu wowala ndi zimene zimalekana nazo. Zobiriwira zimamira msanga.

Chisamaliro. Dzuwa la ku Tete limasukulutsa nsalu, fumbi limaizimitsa. Yanikani pamthunzi, nyamulani m'jumbo, avale mutafika.

Zoopsa zake. Choyamba, chithunzi chokonza chimanunkha kukonza. Munthu akaima chilili pakati penipeni atayang'ana kamera, chimakhala chithunzi cha chiphaso. Muuzeni ayende, asenze kanthu, akhale chakumbali, ndipo achepe: mtundu ukadzaza theka la chithunzi sulinso kadontho. Chachiwiri, kuno mitundu imalankhula ndale. Chofiira anthu amachiwerenga kuti Frelimo, ndipo tsidya la Malawi nako chikasu, buluu ndi olenji zili ndi eni ake. Nthawi ya kampeni malaya ofiira pa Facebook atha kukubweretserani ndemanga zimene simunaziyembekeze. Beseni la tomato silinaloweko chipani. Chachitatu n'chakuti musamuimike mwana wa eni pa thanthwe lotentha masana kapena pa lupsa limene pansi pakufukabe. Ndipo poika chithunzicho pagulu musanamize anthu kuti munangochipeza.

Njira iyi ndi yokhayo imene imagwirizana ndi zina zonse. Imachotsanso vuto lalikulu la foni, chifukwa mutha kuyandikira mmene mungafunire n'kusankha kumbuyo koyera.

Ndani atenge iti

Ngati muli ku Ulongué, ku Dómuè kapena ku Tsangano ndipo mukungoyamba, musagule kanthu. Dikirani Juni, dzukani kusanache bwino, tengani foni ndi mng'ono wanu atavala juzi yachikasu. Nkhungu idzabisa yokha zonse zimene lenzi ya foni ikanalowetsa. Kumbukirani +0.7 uja.

Ngati mumakhala kuchigwa ndipo chimene chimakukokani ndi zinthu zongochitika, bwato lopentedwa pa Zambezi m'mawa wa utsi, wanjinga pakati pa milambe ya ku Changara, ndiye kamera yakaunjika ndi lenzi yokoka ndi zoyenera ndalama yake. Jambulani kusanatenthe kapena dzuwa litapendeka. Koma dzuwa likatsikitsitsa limapaka chilichonse golide, kutuwa n'kutha, choncho ola lanu ndi lija dzuwa likadali m'kati mwa utsi.

Wa ku Moatize asankhe lenzi imodzi n'kuisiya pakamera osaichotsa, apo ayi akhalebe ndi foni. Fumbi la malasha likalowa pa sensa limadula kuposa chithunzi chimene munalifunira.

Wogulitsa malonda pa WhatsApp, kaya ndi tomato, tsabola, nsapato kapena madiresi, njira yachinayi ndi foni zamukwanira. Khoma losapenta la simenti, pamthunzi, ndiye situdiyo. Potumiza sankhani HD kapena tumizani ngati document, chifukwa WhatsApp ikapanikiza chithunzi m'mphepete mwa zofiira ndi mmene mumayamba kuphwanyika.

Wojambula maukwati ndi zinkhoswe amene kasitomala wamuuza kuti akufuna maluwa okha akhale ndi mtundu, app ndi imene ingamuchitire zimenezo, ndipo ndalama ndi ya kasitomala. Ingom'patsaninso china chimene mkwatibwi waima ndi maluwa omwewo patsogolo pa khoma lotuwa la tchalitchi, khungu lake lili ndi mtundu wake, asankhe yekha chokhoma pabalaza.